Premier Access: filimu yatsopano pabalaza, pa madola 29.99

Linali Lachisanu, pa 4 Seputembala 2020, pamene ndinadina batani lolipira koyamba. Mwana wanga wamkulu anali ataima pambali panga, maso ali pa TV, akuti, "Ababa, dinani basi, tadikira kokwanira." Ankanena zoona. Filimu ya Disney ya Mulan inayenera kutuluka pa 27 Marichi, ndipo tinali titapangana kale kuti tidzapita kukaionera ku sinema tonse asanu. Mliri wa Covid-19 utafika, zitseko za masinema zinatsekedwa, tsiku linasunthidwa kupita mu Julaye, kenako Ogasiti, mpaka a Disney anangoti filimuyo ibwera m'nyumba mwathu kudzera pa Disney+, malo awo oonerapo mafilimu pa intaneti, pa njira imene anaitcha Premier Access.

Ndinalipirapo katatu konse: Mulan, Raya and the Last Dragon mu Marichi 2021, ndi Black Widow mu Julaye chaka chomwecho. Ndiye zimene ndikunena pano ndazilawa ndi thumba langa.

Kagwiridwe kake kanali kosavuta. Umayenera kukhala kale membala wa Disney+, wolipira mwezi ndi mwezi, kenako n'kuwonjezera madola 29.99 pa filimu imodziyo. Ukalipira, filimuyo imakhala yako nthawi yonse imene umembala wako uli moyo, kuonera kangati zili ndi iwe. Apa anachita bwino kuposa mmene a Universal anachitira ndi Trolls World Tour mu Epulo 2020, yomwe inali yobwereka pa madola 19.99 kwa maola 48 okha. Koma pali chinthu chimene munthu ankayenera kuchidziwa asanadine: pakapita miyezi itatu, filimuyo inkatsegulidwa kwa mamembala onse popanda kuwonjezera kalikonse. Mulan inatsegulidwa pa 4 Disembala. Choncho ndalamazo sunkagulira filimu ayi, unkagulira kusadikira.

Anthu ambiri ankadabwa kuti bwanji makampani sanangosunga mafilimu awo mpaka mliri utadutsa. Ena anasungadi. No Time to Die, ya James Bond, inali yoyamba mwa zikuluzikulu kusuntha: inachoka mu Epulo 2020 kupita mu Novembala, kenako Epulo 2021, n'kudzatuluka kumapeto kwa Seputembala 2021. Itasuntha kachiwiri kaja, kampani ya Cineworld inatsekanso masinema ake ku Britain ndi ku America, chifukwa holo yopanda filimu yokoka anthu imangodya ndalama za lendi ndi magetsi. Koma kusunga nakonso kumapweteka. Filimu ngati Mulan inadya pafupifupi madola 200 miliyoni poipanga, ndipo ndalama zotsatsira zinali zitalowa kale, zikwangwani zitakhomedwa, mwambo woionetsa koyamba utachitika ku Hollywood pa 9 Marichi. Ukasuntha tsiku, kutsatsa kumayambiranso. Wopanga mafilimu Christopher Nolan ndi a kampani ya Warner Bros. anayesa kulimba mtima ndi filimu ya Tenet, anaitulutsa m'masinema kumapeto kwa Ogasiti 2020 pamene a ku New York ndi Los Angeles anali otsekabe, ndipo inapeza madola pafupifupi 365 miliyoni pa dziko lonse. Pa filimu yodula chotero, poganizira kuti pafupifupi theka la ndalama za tikiti limatsalira eni sinema, zimenezo sizinakwanire. Ena onse anaona, n'kubweza mwendo. Chaka chimenecho ndalama za matikiti pa dziko lonse zinagwa kuchoka pa madola oposa 42 biliyoni a 2019 kufika pafupifupi 12 biliyoni, ndipo China inaposa America kwa nthawi yoyamba.

Pamene ndinasangalala kwambiri ndi pa Raya. Tikiti ku America mu 2019 inali pafupifupi madola 9, ndiye anthu asanu tikanalipira oposa 45, osawerengera ulendo. Ife tinalipira 29.99, tinakankha tebulo, ana n'kuyala bulangete pansi. Wamng'ono, amene panthawiyo anali ndi zaka zinayi, anachita mantha pamene anthu ankasanduka miyala. Anabisa nkhope pachifuwa cha amayi ake. Tinaimitsa filimuyo, amayi ake anamufotokozera pang'onopang'ono kuti anthuwo adzabwereranso, iye n'kusuzumira ndi diso limodzi, n'kuti, "Pitirizani." Ku sinema ndikanamunyamula kutuluka naye, ena awiriwo n'kutsala akudandaula. Sabata imeneyo anaionera kanayi. Kwa banja la ana ang'ono, m'nthawi imene kutuluka panja kunali koopsa, ndalama zimenezo sizinapite pachabe, ndipo ndimayamikira mpaka lero kuti njirayi inalipo.

Pa Mulan ndi Black Widow mtima wanga sunakhutire chimodzimodzi, ndipo chifukwa chake chinali m'nyumba mwanga momwemo. Mu Mulan muli malo pamene chipale chofewa chimagumuka paphiri n'kukwirira gulu la adani. Anthu amene anajambula zimenezo ankaganizira khoma lonse la holo ndi zokuzira mawu zogwedeza mpando. Pa TV yanga ya mainchesi 43, phiri lija linali lalikulu ngati chikhatho, ndipo kugunda kwake kunapikisana ndi makina ochapira amene ankazungulira kuseri kwa khoma. Foni inalira kawiri. Wina anayatsa getsi kufuna rimoti. Palibe amene analakwa, nyumba ndi nyumba basi. Koma ndinagona ndikudziwa kuti ndaona nkhani yonse popanda kuimva m'thupi, ndipo pa filimu ya mtundu umenewu kumva m'thupiko ndiye chimene umalipirira.

Ndalama nazonso zinalankhula mofanana ndi mtima wanga. Black Widow, yomwe inachedwa kuchokera mu Meyi 2020, inatuluka pa 9 Julaye 2021 m'masinema ndi pa Premier Access tsiku limodzi. Kumapeto kwa sabata yoyamba inapeza madola 80 miliyoni m'masinema a ku America ndi Canada, ndipo a Disney analengeza kuti ena 60 miliyoni anachokera kwa ife olipira kunyumba. Zinaoneka ngati apeza njira. Sabata yotsatira matikiti anagwa ndi pafupifupi 68 peresenti. Chifukwa chake sichovuta kumvetsa mukayang'ana pabalaza panga: tinali asanu pa malipiro amodzi, ndipo wobwereza kuonera sankagula tikiti yachiwiri. Komanso filimu ikangofika pa intaneti yoyera bwino, akuba amaikopera tsiku lomwelo. Pa dziko lonse inathera pa madola pafupifupi 379 miliyoni, zochepa kwa filimu ya Marvel. Scarlett Johansson, wosewera wamkulu wa filimuyo, amene gawo la malipiro ake linkadalira matikiti, anasumira Disney kumapeto kwa Julaye, ndipo anagwirizana kunja kwa khoti mu Seputembala. Pamlandu umenewo ndinali kumbali yake, ngakhale ineyo ndinali mmodzi wa amene sanagule tikiti.

A Warner Bros. anapita patali kuposa pamenepo, anaika mafilimu awo onse a 2021 pa HBO Max, malo awo oonerapo mafilimu pa intaneti, tsiku lomwe akutuluka m'masinema, popanda malipiro owonjezera. Wonder Woman 1984, imene inatsegula njirayo pa Khirisimasi ya 2020, inapeza madola osakwana 170 miliyoni, pamene yoyamba ya 2017 inadutsa 800 miliyoni. Sindinganene kuti zonse n'chifukwa cha intaneti, pakuti masinema ambiri anali otseka ndipo otseguka ankalowetsa anthu ochepa motalikirana.

Chimene chinanditsimikizira ndi mafilimu amene anapirira. Shang-Chi inapatsidwa masiku 45 m'masinema mokha mu Seputembala 2021, ndipo ku America inaposa Black Widow. Spider-Man: No Way Home inatuluka mu Disembala chaka chomwecho, Covid-19 ya mtundu wa Omicron ili mkati, n'kusonkhanitsa pafupifupi madola 1.9 biliyoni. Top Gun: Maverick inadikira kuchokera mu Juni 2020 mpaka Meyi 2022, wosewera wake wamkulu Tom Cruise akukana kuti ipite pa intaneti, ndipo inayandikira 1.5 biliyoni.

Premier Access inathera pa mafilimu asanu, yomaliza inali Jungle Cruise kumapeto kwa Julaye 2021. Cruella ndi Jungle Cruise sindinalipire, ndinadikira kuti zitsegulidwe. Chimene chinatsala ndi kufupika kwa nthawi yodikira: kale filimu inkakhala masiku pafupifupi 90 m'masinema isanafike kunyumba, koma kuchokera nthawi ya mliriyo zambiri zinayamba kufika patatha masiku 45, zina 17 okha. Njira yotereyi itabweranso, pa filimu ya ana ndingalipire osaganiza kawiri. Pa ya nkhondo ndi kuphulika ndingasunge ndalamazo zikhale za tikiti.

Mu Disembala 2021 ndinatenga wamkulu uja kukaonera Spider-Man, titavala zophimba kukamwa, pakati pathu ndi anthu ena pali mpando wopanda munthu. Penapake mkati mwa filimuyo holo yonse inakuwa pamodzi, anthu osadziwana akuwomba m'manja mumdima. Iye anandigwira dzanja mwamphamvu, n'kundinong'oneza kuti, "Ababa, Mulan ija akadzaibweretsa kuno tidzabwerenso."