Ndemanga pa mbande za bougainvillea za ku nazale ina ku Lilongwe

Mbande za bougainvillea zomwe ndinagula ku nazale ina ya m'mphepete mwa msewu ku Lilongwe zinagwira zonse, ndipo tsopano zayanga mpanda wa njerwa wa kutsogolo kwa nyumba yathu. Ndalemba ndemangayi maluwawa atapirira dzinja ndi chilimwe chomwe pakhomo pano, chifukwa chomera chotere sichiweruzidwa pa tsiku logula.

Mbandezo zinali m'machubu akuda, ndipo chomwe chinandikhutiritsa n'chakuti zinali zokhwima, za tsinde lolimba, osati nthambi zodulidwa dzulo n'kuzikidwa m'dothi kuti zioneke ngati zamera. Wogulitsa anatembenuza chubu chimodzi n'kundionetsa mizu yoyera itatulukira m'timabowo ta pansi. Analangizanso kuti pobzala ndisazule mbande m'chubu, koma nding'ambe pulasitikiyo ndi lezala kuti dothi lisagumuke, pakuti mizu ya chomerachi ndi yanthete ndipo ikasokonezedwa masamba amayoyoka. Malangizo amenewa ndi oona, ndipo mtengo wa mbande unali wosaboola m'thumba.

Pomwe sindinagwirizane naye ndi pa nkhani ya madzi ndi feteleza. Iye ananena kuti ndizithirira tsiku ndi tsiku komanso ndizithira Urea kuti zikule msanga, zomwe ndikuona kuti zikusocheretsa ogula ambiri. Bougainvillea anachokera ku South America, makamaka ku Brazil, ndipo amachita maluwa ochuluka akamalandira dzuwa la maola osachepera 6 pa tsiku komanso dothi likamauma asanathiriridwenso. N'chifukwa chake kuno kwathu amakongola kwambiri m'chilimwe, mu Seputembala ndi Okutobala pomwe udzu wonse wauma, kusiyana ndi mu Januwale mvula ili mkati. Urea ali ndi nayitrojeni wokwana 46 pa 100 aliwonse, ndipo nayitrojeni wochuluka chotere amabweretsa masamba obiriwira ndi nthambi zazitali koma maluwa osaoneka. Ine ndinasakaniza katondo wa pakhomo ndi mchenga wa kumtsinje komanso manyowa owolerana kuti madzi asamadikhe m'dzenje, ndinathirira pafupipafupi kufikira mbande zitaphukira, kenako ndinachepetsa. Mbande imodzi yomwe ili pafupi ndi mpopi, pomwe pamakhala chinyontho nthawi zonse, ndi yaikulu kuposa zinzake koma ndi yomwe ili ndi maluwa ochepa.

Dandaulo langa lina ndi lakuti machubu analibe zizindikiro za mtundu. Ndinapempha ofiira ndi oyera kuti asinthanesinthane pa mpanda, koma zina mwa mbande zomwe anati n'zoyera zinatulutsa maluwa ofiirira. Kukongola n'kokongola ndithu, koma munthu amafuna kulandira chomwe walipira. Amene ali ndi mtundu womwe akuufuna agule mbande yomwe yayamba kale kuonetsa maluwa. Tizigawo towala timene timakopa masoto kwenikweni ndi masamba opyapyala ngati pepala, ndipo duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera komwe kamakhala pakati pake. Timasambati tikauma timagwa tambiri, choncho pafupi ndi khonde pamafunika tsache m'mawa uliwonse.

Wogula adziwenso kuti bougainvillea sagwira khoma payekha. Ndinakhoma misomali, n'kukoka waya, ndipo ndimamangirira nthambi zanthete ndi chingwe mosathinitsa. Minga yake ndi yakuthwa ndipo imabisala kunsi kwa masamba, moti kudulira popanda magolovesi n'kudzivulaza, ndipo si bwino kumubzala pomwe ana amasewerera. Komabe kudulira n'kofunika, chifukwa maluwa amatuluka pa mphukira zatsopano, ndiye ndimadula nsonga za nthambi maluwa akangotha. Nsabwe za m'masamba zinabwera pa mphukira kamodzi, koma madzi a sopo anakwanira kuzithetsa.

Ku nazaleyi ndidzapitanso, chifukwa mbande zawo ndi zamoyo ndiponso zosamalidwa bwino, koma ndikupempha eni ake kuti azilemba mtundu pa chubu chilichonse ndipo asiye kulimbikitsa Urea pa maluwa amenewa.