Mawindo a polycarbonate pa galimoto ya mpikisano: kudzichekera wekha kapena kugula opangiratu?

Amene mukumanga galimoto yothamangira mpikisano, kaya ya pa track kaya ya rally, mukangomaliza kuzula mipando ndi makapeti maso amapita pa magalasi basi. Galasi ndi lolemera, ndipo kulemerako kuli m'mwamba, komwe kumapendamitsa galimoto pa kona. Galasi la mamilimita 4 lokula sikweya mita imodzi limalemera makilogalamu 10, pomwe polycarbonate, pulasitiki yoonekera yosasweka msanga, yokhuthala chimodzimodzi ndi 4.8 yokha. Mukachotsanso mamota okweza mawindo ndi zitsulo zake za mkati mwa chitseko nde mwapepukitsa zenizeni. Pomwe timasiyana maganizo ndi poti ugule sheet n'kudzichekera wekha, kapena uyitanitse seti yopangiratu.

Koma kaye Perspex ayi chonde. M'mashopu ambiri pulasitiki iliyonse yoonekera amangoti Perspex, pomwe Perspex ndi acrylic, chinthu china. Ndi yotchipa, imawala bwino, kulemera kwake n'kofanana, koma imayamba ming'alu pa zibowo za mabawuti ndipo ikamenyedwa imasweka zidutswa zakuthwa, pafupi ndi nkhope yanu pomwepo. Pemphani kachidutswa kotsala mukapinde ndi pulayazi, polycarbonate imangopindika osathyoka, acrylic imati thyo. Yang'ananinso dzina pa pepala lomata pamwamba pa sheet, mayina ngati Lexan kapena Makrolon ndi zomwe mukufuna. Ma sheet ofolera denga a timphako mkati aja asiyeni, si a ntchito iyi.

Kudzichekera wekha ine ndimakukonda pa mawindo a m'mbali, makamaka galimoto za magalasi oongoka ngati Citi Golf ija anapanga ku South Africa kuyambira 1984 mpaka 2009, kapena Corolla zakale za makona. Galasi lomwe mwachotsalo ndi muyezo kale, mumaligoneka pa sheet n'kulemba mozungulira ndi cholembera. Pepala lomata lija musalimatule mpaka ntchito yonse itatha. Jigsaw ya mano ang'onoang'ono, pang'onopang'ono, chifukwa mukathamangitsa pulasitiki imasungunuka n'kumatananso kumbuyo kwa lumo. Kenako m'mbali monse musalaze ndi tupa ndi sandipepa mpaka chala chizidutsa osakodwa, poti mng'alu umayambira pa kamano komwe mwasiya.

Pa zibowo ndi pomwe mawindo ambiri odzipangira amaonongekera. Polycarbonate imatanuka ndi kutentha kuposa chitsulo, mita imodzi imatalika pafupifupi mamilimita 2 kutentha kukakwera ndi madigiri 30, ndipo galimoto yoima pa dzuwa la ku ma track a ku South Africa ngati Zwartkops kapena Killarney imadutsa pamenepo mosavuta. Nde chibowo chikhale chachikulupo kuposa bawuti, chisayandikire m'mphepete, muike mawashala a labala kapena nayiloni, ndipo osamanga mpaka pulasitiki kulowa mkati. Guluu wokhwimitsa mabawuti ngati Loctite asakhudze olo pang'ono, amadya polycarbonate n'kutulutsa timing'alu tozungulira chibowo, gwiritsani manati a nyloc, aja okhala ndi nayiloni mkati kuti asamasuke okha. Mukatsata izi windo lanu silisiyana kwenikweni ndi logula, mtengo wake ndi wa sheet ndi mabawuti basi, komanso sheet imodzi ya mamilimita 2440 kwa 1220 imatulutsa mawindo angapo.

Pomwe kudzipangira kumagonja ndi windo lakumbuyo. Kupindika kumodzi, ngati mmene limapindikira lata, polycarbonate yopyapyala imalola osaiwotcha. Koma galasi lakumbuyo la Subaru Impreza kapena galimoto zambiri zatsopanozi ndi lopindika mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo sheet yoongoka mukaikakamiza pamenepo imachita mafunde, m'mbali simugona, zinthu zimaoneka zokhota ukayang'ana pa mirror, liwiro likakwera imayamba kugwedera. Ena amati ingotengani heat gun. Ayi. Pulasitiki iyi imamwa chinyezi cha mumpweya, mukangoitenthetsa madziwo amawira mkati n'kusiya tinthovu tomwe sitichokanso. Akatswiri amayamba aiumitsa mu uvuni kwa maola angapo pa madigiri pafupifupi 120, kenako n'kuikweza kufika cha m'ma 180 kuti igone pa chikombole. Uvuni yolowa windo lonse ndi chikombole chake ndi zinthu zoti pa galimoto imodzi sizingakubwezereni ndalama.

Apa nde pomwe seti yogula imapambana. Makampani ngati Plastics4Performance a ku Britain amaumba windo molingana ndi galasi lenileni la modelo yanu, limabwera ndi mzere wakuda wa m'mbali wobisa guluu, ndipo mutha kuitanitsa ndi kawindo kotsetsereka ka dalaivala katacheka kale. Kawindo kameneka musakapeputse, chifukwa mawindo akamangidwa osatsika mkati mumatentha koopsa, ndipo kukacheka wekha bwinobwino osakanda sheet ndi ntchito yofuna dzanja lodekha. Vuto ndi thumba. Mtengo wa seti, kuonjeza kutumiza bokosi lalikulu choncho, kuonjeza msonkho, kudikira masabata, ndiye ngati galimoto yanu ndi yosowa mwina chikombole chake kulibe n'komwe. Nchifukwa chake ine ndimati sakanizani: a m'mbali chekani nokha, lakumbuyo lokha gulani.

Windisikirini nde ndinganene mosabisa, siyani galasi lake la laminated, lija lokhala ndi pulasitiki pakati kuti lisamwazike likasweka. Polycarbonate ndi yofewa pamwamba, mawaipa akamadutsa pa fumbi amaikanda msanga, ndipo dzuwa la madzulo likakuombani kutsogolo mumangoona mizere. Ilipo yokutidwa ndi chikopa cholimba ngati Lexan Margard, imapirira bwino, koma ndi yokwera mtengo ndipo siilola kupindidwa kwambiri, chikopacho chimang'ambika. A mpikisano wa ku America wa NASCAR amagwiritsadi polycarbonate kutsogolo koma amamatapo mapepala oonekera omwe amasenda akada. Pa rally ya fumbi makilogalamu ochepa omwe mwapulumutsa sangafanane ndi kuona msewu.

Musanatulutse ndalama iliyonse tsegulani buku la malamulo a kalasi yanu, kaya ndi a Motorsport South Africa, Motorsport UK kapena FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto pa dziko lonse. Makalasi ena salola n'komwe kusintha magalasi, ena amatchula kukhuthala, ku Britain nambala yomwe mudzaimva kwambiri ndi mamilimita 4, nde kugula ya 3 chifukwa yatchipa kutha kukubwezani pa scrutineering, pomwe amayendera galimoto isanalowe mpikisano. Ganiziraninso zotulukira. Kulimba komwe tikuyamikiraku kukutanthauza kuti galimoto ikagubuduka opulumutsa sangaswe windo ndi hamala ngati galasi, nde la dalaivala ndi la navigator limangidwe moti litha kukankhidwa kapena kuzulidwa opanda sipanala.

Potsuka, kaya ndi logula kaya lodzichekera, madzi ambiri kaye kuti fumbi litsike, kenako sopo wofewa ndi kansalu ka microfibre. Kupukuta pouma ayi. Petulo, thinner, acetone ndi mankhwala a magalasi okhala ndi ammonia zimaichititsa chifunga ndi timing'alu, nde amene amathira mafuta pa pit mumuuze asamadonthezere windo lomwe lili pafupi ndi thanki.