Za ntchito yoyeza utsi ku Svalbard, musagulitse munda

Abale anga kumudziko, uthenga uja ukuzungulira pa WhatsApp woti ku Svalbard, zilumba za Norway zakumpoto kozizira kwambiri, kulibe za viza ndipo asayansi akufuna anthu owathandiza kuyeza utsi mumlengalenga, ine ndi amene unandifikitsa kuno ku Longyearbyen, tauni yaikulu ya ku Svalbard, ndiye ndimvereni.

Zoti munthu wa dziko lililonse atha kukhala kuno opanda viza nzoona, koma ndege zake zimadzera ku Oslo kapena Tromsø ku Norway ndiye Schengen viza, yolowera mayiko ambiri a ku Europe, ikufunikabe, yolowera kawiri, poti tsiku lobwerera mudzadutsanso momwemo. Viza imeneyi ndi 90 euro. Ejenti wanga anandidya K2.4 miliyoni ati ya mapepala, kenako $600 ina ati ya majekete ndi nsapato za kozizira zomwe mpaka lero sindinazione, ndipo nditangotera foni yake inasiya kugwira. Kontrakiti imene anandipatsa palibe amene anaizindikira.

Ntchito yoyeza mpweyayo iliko ndithu, koma si pano. Ili ku Ny-Ålesund, kamudzi ka akafukufuku okhaokha kumpoto kwenikweni, nthawi yamdima kumatsala anthu ochepa zedi ndipo kwa zaka zambiri Wi-Fi ndi Bluetooth zinali zoletsedwa kuti zisasokoneze zida zawo. Siteshoni yake ili pamwamba pa phiri la Zeppelin, mamita 474, amakwerako pa kangolo koyenda pachingwe. Sungangodzuka nkupitako ati ndikukasaka ganyu. Amene amagwira makina aja ndi anthu a physics ndi chemistry, ena ma PhD.

Ine pano ndimakonza zipinda pa malo ena ogona alendo, ndipo mtsikana wina wakafukufuku atagona pathu pochokera komweko anandionetsa kasefa kozungulira kali m'kabokosi ka pulasitiki. Mphepete munali mbee, pakati podutsa mpweya pali bii ngati mwaye wapansi pa poto. Malo opanda fakitale awa! Anati kumapeto kwa nyengo yozizira utsi wa mafakitale a ku Europe ndi Russia umauluka mpaka kuno nkupanga chifunga, nthawi yotentha kumabweranso wa moto wa m'nkhalango za ku Siberia ndi Canada. Mwayewo ukagwera pa sinowo, sinowoyo imada nkuyamba kumwa dzuwa m'malo molibweza, ndiye imasungunuka msanga. Tinthu tina monga ta sulfate timabweza dzuwa, komanso madontho a mitambo amayambira pa tinthu tomweti, nchifukwa chake amatiwerenga usana ndi usiku. Kuyambira 1979 dera la Arctic, lakumpoto kwenikweni kwa dziko kumene kuli Svalbard, latentha pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Ntchito imeneyi ndimailemekeza kwambiri, ndipo zimandiwawa kuti akuba akuigwiritsa ntchito ngati nyambo yokolera amphawi.

Munthu mmodzi yekha wachilungamo anali mayi wina wogulitsa matikiti ku Lilongwe. Anakanitsitsa kundigulitsa tikiti yongopita, anati achimwene, kumeneko kulibe thandizo la boma, mukasowa ndalama kapena pogona bwanamkubwa wa kumeneko ali ndi mphamvu yokubwezani. Anangotenga komishoni yake basi, ndipo tikiti yobwerera ija ndi imene inandipatsa mtima pamene ndinkasaka ntchito.

Ndiye inu amene mukulota zithunzi mutavala jekete pa ayezi, dzukani. Nyumba zambiri kuno nza mabwana, opanda ntchito ulibe pogona. Kuyambira kumapeto kwa October mpaka pakati pa February dzuwa silituluka, ndipo kunja kwa tauni suyenda opanda mfuti chifukwa cha zimbalangondo zoyera. Ngati mwana wanu amakondadi sayansi ya nyengo, ndalama ya mundayo mulipireni sukulu adzabwere kudzera ku yunivesite, koma dziwaninso kuti kuyambira 2023 Norway imalipiritsa fizi ophunzira ochokera mayiko ngati athu. Wina akakuuzani kuti Svalbard ilibe viza, mufunseni dzina la bwana ndi nambala ya nyumba imene mukagone, kenako muimbire bwanayo nokha musanatulutse ngakhale K1,000.