Ola limodzi, maola anayi kapena kugona konko: posintha ndege musankhe ziti?

Mukamagula tikiti ya ulendo wosintha ndege panjira, kaya ku Addis Ababa, Doha, Istanbul kapena Amsterdam, amakuyalirani maulendo angapo. Wina wodikira mphindi 70, wina maola anayi, wina usiku wonse. Maso amathamangira woyambawo poti ukuoneka kuti mufika msanga. Koma musanawerenge maola, dzifunseni kaye mafunso awiri. Ulendo wonsewu uli pa tikiti imodzi kapena pa matikiti awiri? Nanga ndege yachiwiriyo ikandisiya, ina yopita komweko inyamuka liti?

Tiyambe ndi yaifupi. Mphindi 70 zolembedwa pa tikiti si mphindi 70 zanu. Amawerenga kuyambira pamene ndege yoyamba iyenera kufika mpaka pamene yachiwiri inyamuke, chonsecho geti amatseka kutatsala mphindi 15 kapena 20. Ngati mpando wanu uli kumbuyo m'ndege ya anthu 300, mutsika omalizira. Ngati yaima kutali, mudikira basi kuti idzaze. Kenako pamabwalo ambiri mudutsanso kwa achitetezo: kuvula lamba, kutulutsa laputopu, kusiya botolo lamadzi loposa 100 ml. Bwalo latsopano la Istanbul, lomwe linayamba kulandira ndege zonse mu 2019, ndi lalikulu moti kuchoka geti ina kufika ina muyenda ndithu mpaka thukuta. Ku Heathrow, bwalo la ku London, kuli ma terminal (nyumba zokwerera ndege) anayi, 2, 3, 4 ndi 5, ndipo kusintha terminal kumafuna kukweranso basi. Mukachotsera zonsezi, zotsala ndi mphindi zowerengeka, ndipo ndege yoyamba ingochedwa theka la ola, zatha.

Sikuti makampani amagulitsa maulendo oterewa mwachisawawa. Bwalo lililonse lili ndi nthawi yochepetsetsa yololedwa, minimum connection time, ndipo pa tikiti imodzi sangakugulitseni ulendo wosafika pamenepo. Koma nthawi imeneyi tanthauzo lake n'lakuti zitheka ngati zonse zayenda bwino. Komanso inu mutha kuthamanga n'kupezeka pa geti, sutikesi yanu n'kutsalira, chifukwa iyo ilibe miyendo.

Ndiye kodi yaifupi ndi yoipa nthawi zonse? Ayi. Ngati muli nokha, muli ndi chikwama cham'manja basi, bwalolo mukulidziwa, ndipo ndege zopita kumene mukupitako zimanyamuka kangapo patsiku, monga pakati pa Amsterdam ndi London, tengani. Mukasiyidwa mutaya maola awiri. Koma njira zambiri zochokera ku Addis Ababa kapena Nairobi kupita kumizinda ina ya mu Africa zili ndi ndege imodzi patsiku, zina sizipita n'komwe tsiku lililonse. Kumeneko kupulumutsa maola awiri kutha kukudyerani tsiku lathunthu. Kuthamanga si kufika.

Pankhani ya tikiti ndi pamene anthu ambiri amalira. Ulendo ukakhala pa tikiti imodzi, kampani yavomera kukufikitsani kumapeto. Ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, akuikani m'ndege ina osalipiranso, ndipo katundu amalembedwa kuti apite molunjika. Izi zimatheka ngakhale makampaniwo ali awiri, makamaka a m'gulu limodzi: Ethiopian ndi Lufthansa ali mu Star Alliance, Kenya Airways ndi KLM ali mu SkyTeam, Qatar Airways ndi British Airways ali mu oneworld. Pa maulendo onyamuka ku European Union palinso lamulo nambala 261 la mu 2004, lomwe limapereka chipukutamisozi cha mayuro 250 mpaka 600 mukafika kumapeto mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, pokhapokha ngati chochedwetsacho chinali choposa mphamvu za kampani, monga nyengo yoipa.

Matikiti awiri osiyana nthawi zina amatchipa, n'chifukwa chake amakopa. Koma kampani yachiwiri sikudziwa, ndipo ilibe nazo ntchito, kuti mumachokera kuti. Mukachedwa amangolemba kuti simunabwere, tikiti yapsa, ndipo kawirikawiri amafufutanso ndi ulendo wobwerera womwe. Sutikesi muitenge nokha, kutanthauza kuti mudutse ku imigireshoni, mulowe m'dzikolo, mukaimenso pamzere woperekera katundu, womwe pa maulendo akunja umatsekedwa nthawi zambiri kutatsala ola limodzi. Wina aliyense wogula matikiti awiri ndimamupempha asiye maola osachepera asanu, ndipo ngati ulendowo ndi wa ukwati, mayeso kapena chipatala, agone konko. Mtima umandiwawa ndikaona munthu wasonkhanitsa ndalama miyezi yambiri n'kuzitaya chifukwa cha ola limodzi.

Maola atatu mpaka asanu pa tikiti imodzi ndi amene ine ndimasankha. Palibe zambiri zonena apa, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Ndege ichedwe ola, mulibe nkhawa. Mupeza geti modekha, mutchaja foni, mwana asinthidwa thewera, agogo apita kuchimbudzi mosafulumizidwa, katundu nayenso afika. Kuipa kwake n'kutopa pampando basi.

Pali malo ena kumene maola atatu ndi poyambira chabe. Ku United States aliyense amadutsa ku imigireshoni pabwalo loyamba kutera, ngakhale akungodutsa kupita dziko lina. Pamafunika viza kapena ESTA, chilolezo cha pa intaneti cha eni mapasipoti osafunika viza kumeneko, ndipo kawirikawiri mumatenga sutikesi, kudutsa nayo ku kasitomu, n'kuiperekanso. Mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene anachotsa zipata za malire pakati pawo, nawo amayang'ana pasipoti pamene mwalowera. Ngati mukupita ku Rome kudzera ku Frankfurt, mzere wa mapasipoti uli ku Frankfurt, osati ku Rome. Ndipo yang'anitsitsani zilembo zitatu za bwalo pa tikiti. LHR ndi LGW onse ndi a London koma ndi mabwalo awiri otalikirana, chimodzimodzi CDG ndi ORY ku Paris, JFK ndi EWR ku New York. Ulendo wotero ukufuna viza yolowera m'dzikolo ndi maola enanso apamsewu.

Tsono yaitali, maola asanu ndi atatu kupita m'tsogolo. Anthu amaiopa, koma nthawi zina ndi yabwino kuposa zonse. Makampani monga Ethiopian, Emirates ndi Turkish Airlines amapereka hotelo kwa ena odikira nthawi yaitali pamene panalibe ndege ina yachangu, malinga ndi mtundu wa tikiti. Funsani musanagule, osati mutafika. Kugona pabedi, kusamba, n'kudzuka kukwera ndege m'mawa kumaposa kutali kukhala maola asanu ndi limodzi pakati pa usiku, mashopu atatseka, mukuwodzera pabenchi mutakumbatira chikwama. Kwa okalamba ndi amayi oyembekezera, ulendo wautali ukadulidwa pakati thupi limapuma.

Misampha yake ilipo itatu. Kutuluka m'bwalo n'kulowa m'dziko, choncho viza ifunika ngati pasipoti yanu imafuna viza kumeneko. Ndipo eni mapasipoti a mayiko ena amafunika viza yodutsira ku Britain kapena ku Schengen ngakhale sakutuluka n'komwe. Kudikira kukapitirira maola 24, makampani ambiri amakuwerengerani ngati mwaima ulendo, ndiye katundu mumutenga n'kudzamuperekanso mawa lake. Wachitatu ambiri saudziwa. Mayiko ena, monga South Africa, amafuna chitupa cha katemera wa yellow fever kwa munthu amene wakhala maola oposa 12 pabwalo la ndege la dziko lomwe kuli chiopsezo cha matendawa, ndipo Kenya ndi Ethiopia ali pa mndandanda umenewo. Wodikira maola anayi ku Nairobi safunsidwa, wodikira maola 13 afunsidwa. Katemerayu amayamba kuvomerezeka pakatha masiku khumi chibayireni, ndiye ngati mwasankha ulendo wogona panjira kudzera m'mizinda imeneyi, pitani kuchipatala sabata ziwiri ulendo usanafike.