Maphunziro a sayansi yochita ndi manja kwa aphunzitsi ku Salima: momwe ndinawaonera

Maphunziro a aphunzitsi a sayansi amene anachitikira pa TDC (malo ophunzitsirako aphunzitsi) ya m'zoni yathu kuno ku Salima pa tchuthi chapitachi anasiyana kwambiri ndi misonkhano imene tinazolowera, kumene wotsogolera amayankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ife tikungolemba. Cholinga chawo chinali kutizolowetsa kuphunzitsa mwa kafukufuku, kuti ophunzira azifunsa funso, azilosera yankho, aziyesa okha, kenaka azifotokoza zimene apeza. Ine ndimaphunzitsa sayansi mu Sitandade 7, ndipo ndikuona kuti maphunzirowa ndi aphindu, ngakhale ali ndi zofooka zimene okonza ayenera kuzimva.

Maganizo amenewa si achilendo m'Malawi. A Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa TALULAR, yomwe ndi njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, ndipo pulogalamu ya SMASSE, imene inayamba m'chaka cha 2004 mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, inabweretsa mfundo zofanana kwa aphunzitsi a masamu ndi sayansi a kusekondale. Komabe m'makalasi ambiri mphunzitsi ndiye amapanga chipangizo, n'kuchionetsa ali kutsogolo, ana n'kungoyang'ana osachikhudza. Apa ndi pamene maphunziro athu anagunda.

Ntchito imene inandigwira mtima kwambiri inali ya chidede. Gulu lililonse linaviika chidede chouma m'madzi otentha mpaka madziwo atafiira, kenaka tinawagawa m'mabotolo apulasitiki odula pakati. Patebulo panali madzi a mandimu, a bwemba, a malambe, a soda wophikira ndi chidulo chimene amayi amachezera therere. Mayi amene ankatitsogolera anatiuza kuti tilembe kaye zimene tikuganiza kuti zichitika tisanathire kalikonse. Mandimu ndi bwemba zinasiya madziwo ali ofiira mowala, koma chidulo chinawasandutsa obiriwira modera, ndipo m'chipindamo munamveka phokoso la aphunzitsi akuluakulu akuitanizana kuti adzaone. Gulu lina silinaone kusintha kulikonse, ndipo mayiwo sanathamangire kuwauza chifukwa chake, koma anangowafunsa kuti madzi awo akusiyana pati ndi a anzawo. Patapita kanthawi iwo eni anazindikira kuti anaika chidede chambiri, ndipo popeza chidede n'chowawasa kale, chidulo chochepa sichikanatha kuchigonjetsa pokhapokha atasungunula chidedecho ndi madzi ena. Phunziro la ma asidi ndi ma alikali ndakhala ndikuliphunzitsa kuchokera m'buku, koma sindinaonepo likumveka bwino chotere, ndipo zonse zimene tinagwiritsa ntchito zimapezeka pamsika ndi kukhitchini.

Ntchito ya dothi ndi imene inatiphunzitsa kuyesa mwachilungamo. Tinali ndi mchenga wa m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay, katondo wa kumtunda, ndi makande ofanana ndi a m'madambo a ku Lifuwu kumene amalima mpunga. Funso linali lakuti ndi dothi liti limene limasunga madzi nthawi yaitali. Aliyense ankadziwa yankho, chifukwa ambiri mwa ife ndife alimi, koma magulu atayerekeza zotsatira zawo manambala sanagwirizane ngakhale pang'ono. Ena anatsendera dothi m'botolo pamene ena anangolikhuthulira, ena anathira kapu yodzaza pamene ena anathira theka, ndipo gulu lina linatenga makande onyowa kale. Tinabwereza titagwirizana muyeso umodzi wa dothi louma, muyeso umodzi wa madzi ndi nthawi imodzi yodikira, ndipo apo mpamene zinaoneka bwino kuti mchenga umataya madzi msanga pomwe makande amawagwira. Mwana amene wadutsa m'mkangano wotere sangaiwale chifukwa chake timasintha chinthu chimodzi chokha poyesa.

Panalinso ntchito ya mwala womangirira ku chingwe, imene inasonyeza kuti kutalika kwa chingwe ndiko kumasintha nthawi ya kulendewera, osati kulemera kwa mwala. Chingwe cha mita imodzi chimatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwera. Imeneyi inachitika mothamanga ndipo sitinaikambirane mokwanira.

Chofooka chachikulu n'chakuti otsogolera anatiphunzitsa ngati kuti tikabwerera ku makalasi a ana ochepa. Ife tinali m'magulu a anthu asanu, aliyense ali ndi mpando, pomwe chiyambire maphunziro aulere a kupulayimale m'chaka cha 1994 makalasi ambiri ndi odzaza, ena amaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo piriyodi imodzi imatha ana akadali kugawana mabotolo. Titafunsa za zimenezi, yankho linali lakuti tizisankha atsogoleri a magulu, zomwe n'zoona koma n'zosakwanira. Ndikanakonda akanaitana ana a sukulu yoyandikana nayo n'kutionetsa phunziro limodzi lathunthu m'kalasi lenileni. Nkhani ya chiyankhulo nayonso sinakhudzidwe, chonsecho ana amakambirana bwino m'Chichewa kapena m'Chiyao pamene mayeso a sayansi a PSLCE, omalizira pulayimale, amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi amafunika luso lowolotsa mwana kuchoka pa zimene waona kufika pa chiganizo chimene adzalembe. Za chitetezo anangozitchula modutsa, ngakhale kuti madzi otentha, mipeni yodulira mabotolo ndi chidulo chokhoza kulowa m'maso si zinthu zopatsa ana popanda malangizo.

Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa aphunzitsi a Sitandade 5 mpaka 8 kuti akamva za maphunziro otere apiteko, makamaka awiri ochokera pa sukulu imodzi kuti azikathandizana kukonza maphunziro. A hedi nawonso ndi bwino azikhalapo, chifukwa ndi iwo angalole kuphatikiza mapiriyodi awiri pa tsiku la zoyesa. Pempho langa kwa okonza ndi lakuti agwirizane ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, kuti teremu isanathe adzatiyendere m'makalasi mwathu ndi kuona ngati ana ayambadi kugwira zipangizo ndi manja awo.