Mankhwala a soya ochotsera sealer wakale pa simenti: amagwira ntchito, koma safuna munthu wopupuluma

Pansi pa galaja yathu panapakidwa sealer wa acrylic (mankhwala opaka pamwamba pa simenti kuti aiteteze) zaka zingapo zapitazo, ndipo anali atayamba kuyera m'malo ena ndi kusupuka, chifukwa chinyezi chochokera m'simenti chinkasowa potulukira. Kupaka watsopano pamwamba pake sikukanathandiza, popeza akanangomatira pa wakale amene akutakasuka kale.

Ndinasankha mankhwala okhuthala ngati girisi opangidwa kuchokera ku mafuta a soya, amene mphamvu yake imachokera ku methyl soyate. Mankhwala okhala ndi methylene chloride amachotsa msanga, koma mpweya wake ndi woopsa m'chipinda chotsekeka, moti mu 2019 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA ku United States linaletsa kugulitsa kwa anthu wamba mankhwala ochotsera penti okhala ndi methylene chloride. A soyawa fungo lawo ndi lochepa, ngakhale kuti magolovesi ndi magalasi oteteza maso sindinawasiye.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinapaka mopyapyala pofuna kusunga mankhwala, ndipo anauma asanafewetse kanthu. Nditapakanso mokhuthala, ndi kuphimba ndi pepala la pulasitiki kuti asaume, ndi kusiya usiku wonse, m'mawa mwake sealer anali atafewa, n'kumachoka mosavuta ndi chopalira chachitsulo. Pamalo pamene kale anapaka kawiri, monga pakhomo, ndinachita kubwereza.

Chimene sindinasangalale nacho ndi zotsalira zake. Mankhwalawa amasiya mafuta oterera kwambiri, moti munthu akhoza kugwa, ndipo mafutawo akatsalira m'timabowo ta simenti, sealer watsopano sangagwire. Ndinatsuka katatu ndi sopo wochotsa mafuta, burashi yolimba ndi madzi ambiri, ndipo kutsukako kunanditopetsa kuposa kupala kwenikweniko. Pambuyo pake ndinadontheza madzi m'malo osiyanasiyana: pamene madzi analowa n'kudetsa simenti ndinadziwa kuti sealer wachoka, koma pamene anangokhala timadontho pamwamba panali patatsala sealer.

Ndiyenera kunenanso kuti mankhwalawa si a sealer aliyense. Wa epoxy ndi wolimba kwambiri ndipo nthawi zambiri amafuna makina opera a dayamondi, amene fumbi lake la silica limawononga mapapo ngati palibe chokokera fumbi kapena madzi. Wa silane kapena siloxane amalowa mkati mwa simenti, kotero palibe chimene mungapale pamwamba.

Kwa amene ali ndi sealer wa acrylic m'chipinda chosapita mphepo yambiri, ndikuwalimbikitsa kugula mankhwalawa, koma agule ochulukirapo kuposa mmene akuganizira ndipo apatule masiku atatu. Ine ndisanapake watsopano ndinamata pulasitiki pansipo kwa maola 16 kuti ndione ngati chinyezi chikukwerabe, ndipo nditaimatula inali youma.