Presto 6N yanga patatha miyezi 14 chiigulireni

Sabata yatha ndalipira mapaundi 140 kwa mmisiri amene waika labala watsopano pa timawilo tiwiri ta makina anga odulira mbale za galamafoni. Madzulo a tsiku lomwelo mnzanga wa ku Leicester anaimba foni: "Achimwene, ndapeza makina onga anu aja, ndigule kodi?" Ndinamuuza kuti adikire mtima wanga uyambe wakhala pansi, chifukwa ndikanayankha pomwepo ndikanangoti ayi.

Makinawo ndi Presto 6N, a ku America, a zaka za m'ma 1940. Kampani ya Presto ndi imene inatulutsa mbale za aluminiyamu zokutidwa ndi utoto wonyezimira wotchedwa lacquer mu 1934, ndipo nyumba zoulutsira mawu zinkajambulira mapulogalamu pa mbale zazikulu za mainchi 16. Makina otere sadinda mbale zambirimbiri ngati ku fakitale. Singano imalemba mzere pa mbale imodzi nyimbo ili mkati moimba, ndiye mukafuna mbale khumi muimvera nyimboyo kakhumi. Ine ndinawagula pofuna kuika pa mbale nyimbo za kwaya ya malemu bambo anga, zimene zinali pa makaseti otha kale mphamvu.

Zabwino zake sindichulukitsa. Chitsulo chake ncholemera, sichigwedera. Chitsulo chamazinga chimene chimayendetsa mutu wodulira sichinandivutepo. Mutuwo, wa mtundu wa 1-D, umatulutsa mono, kutanthauza mawu a njira imodzi yokha osati kumanzere ndi kumanja, mawu a anthu amamveka onona, koma tizitsulo ta ng'oma timamveka ngati tili kuseri kwa chitseko.

Chimene chandidya mtima ndi liwiro. Wogulitsa, bambo wina wachikulire amene amasunga makina akale m'galaja, anandiuza maso ali gwa kuti anawakonza kale kuti agwirizane ndi magetsi a kuno ku Britain. Anandionetsa thiransifoma yotsitsa mphamvu kuchoka pa mavoti 230 kufika pa 110, mbale inazungulira, ine ndinapereka mapaundi 3,200. Mbale yoyamba nditaidula ndinaiika pa choimbira changa cha masiku onse. Abambo oimba besi anamveka ngati anyamata a Sande sukulu, ndipo nyimbo ya mphindi zitatu inatha m'mphindi ziwiri ndi theka. Ndinaganiza kuti ndi kaseti. Ndinasintha kaseti, chimodzimodzi. Mbale zisanu zinawonongeka ndisanazindikire.

Nkhani inali yakuti mota ya makinawa imatsata kugunda kwa magetsi. Ku America magetsi ndi a 60 Hz, kutanthauza kuti amagunda ka 60 pa sekondi, kuno ndi a 50 Hz, monganso kumudzi. Thiransifoma imasintha mphamvu yokha, kugundako siikhudza. Ndiye m'malo mozungulira ka 33 ndi kachidutswa pa mphindi, mbale inkazungulira pafupifupi ka 28. Pa makina omwewo nyimbo imamveka bwinobwino, chifukwa imene inadulira pang'onopang'ono ikuimbanso pang'onopang'ono, nchifukwa chake m'galaja muja sindinamve cholakwika. Munthu amene wakhala ndi makina otere zaka zambiri sangalephere kudziwa zimenezi. Apa mpamene pamandiwawa.

Wogulitsa uja nditamuimbira anayamba ndi kunena kuti choimbira changa ndicho chikuthamanga. Ndinamutumizira vidiyo ndikuwerenga kuzungulira kwa mbale ndi wotchi. Anakhala chete masabata atatu. Kenako anabweza mapaundi 150, pamene kabokosi kosinthira magetsi kukhala a 60 Hz kanandidyera 310.

Ndimayesa zatha, koma mawu aatali ankagwederabe pang'ono. Pa nyimbo yothamanga simungamve, koma kwaya ikakoka "Amen" mawu ankakwera ndi kutsika ngati oimbawo akwera ngolo pa msewu wa mabampu. Ndinathira mafuta, ndinalinganiza tebulo, ndinasintha singano, osatheka. Miyezi inayi ndili pa zomwezi, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati chitsulochi sichingagulitsidwe pa sikelo. Mmisiri uja ndiye anaona kuti labala wa timawilo topatsira mphamvu kuchoka ku mota anauma ngati chikopa, ndipo kamodzi kanali kophwatalala mbali imodzi chifukwa makinawo anasiyidwa zaka atapanikiza wilo pa mota. Apa sindingadandaule za amene anawapanga, labala aliyense amakalamba. Koma wogulitsa analemba kuti zonse anaziunika.

Pa mbale zopanda kanthu ndalama zimapitanso. Fakitale ya Apollo Masters ku Banning, California, itapsa mu February 2020, padziko lonse panatsala MDC ya ku Japan yokha yopanga mbale za lacquer, ndipo munthu wamba ngati ine sindizikwanitsa. Ndimagwiritsa ntchito za pulasitiki wa polycarbonate. Ndimaziwotha ndi nyale kuti zifewe, singano nkumadinda mzere m'malo mosema. Zimakhala ndi kaphokoso ka "shii" pansi pa nyimbo, ndipo tsiku lozizira mbale imodzi mwa zinayi ndimataya.

Loweruka, timawilo titabwera, ndinadulanso nyimbo ija ya kwaya. Azakhali anga anali atabwera kudzacheza. Singano itatera anasiya tiyi, anapendeketsa mutu, nkuti, "Uyo ndi mlongo wanga uyo, kumbuyoko." Amen anaima chilili, osagwedera. Anaigwira mbaleyo m'mphepete ndi manja awiri, ndipo anapita nayo ngakhale kwawo kulibe choimbira. Usiku umenewo makinawa sindikanawagulitsa pa mtengo uliwonse.

Lolemba ndinawerengera zonse: makina, kabokosi ka magetsi, timawilo, singano zitatu, ampulifaya ndi mbale zotayika, zapitirira mapaundi 4,300. Ndagulitsa mbale zosakwana 40 kwa oimba a m'matchalitchi, ndiye ndalamayo sibwerera msanga.

Mnzanga uja ndamuyankha dzulo. Ndamuuza kuti atenge choimbira chake popita, wogulitsayo adule mbale iye akuona, ya nyimbo yokoka mawu, aimvere pa choimbira chakecho, ndipo agwire labala wa timawilo ndi chikhadabo. Akakana, abwerere ndi ndalama zake. Kwa bambo a m'galaja aja ndalembanso kalata yofuna mapaundi 300 otsala, ndaikamo ndi malisiti onse awiri, a kabokosi ka magetsi ndi a timawilo.